KADIMBA KA PAKHOMO NDI CHIONETSERO CHA ZAULIMI

Awa ndi mawu amene anakambidwa pa wailesi kwa alimi ndi mafumu a ku Mangochi ndi m'mbali mwa nyanja. Tawasindikiza kuti amene sanamve awerenge, ndi kuti mafumu awawerengetse pabwalo anthu ali pamodzi.

 Lero ndifuna kukamba nanu za dimba laling'ono, laling'ono ndithu, loti mayi angathe kulithirira ndi ndowa imodzi ya madzi. Ndifunanso kukamba za chionetsero cha zaulimi, pakuti zinthu ziwirizi ziyenera kuyendera pamodzi.

Munthu akapita ku chionetsero, kaya cha m'boma lathu lino, kaya chachikulu chija chimachitikira ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre, amaona maungu aakulu, mikoko ya nthochi, mtedza wosankhidwa bwino, mbuzi zonenepa ndi mapampu othirira. Zonsezi ndi zabwino, ndipo eni ake ayenera kutamandidwa. Koma taganizani za mayi wa pa dooko amene alibe munda, amene malo ake onse ndi nyumba, khitchini ndi thandala loyanikapo usipa. Iye aona zonsezo, aombera m'manja, nabwerera kwawo wopanda kanthu kamodzi koti akayese mawa lake. Tsono ndikupempha kuti pa chionetsero chilichonse pakhale malo a madimba ang'onoang'ono, kuti wopanda munda nayenso apite kwawo ndi nzeru m'mutu.

MALO AKUCHEPA

Inu mafumu mudziwa bwino koposa ine kuti milandu yambiri imene ibwera pabwalo panu masiku ano ndi ya malire. Pa kalembera wa 1966 dziko lonse la Malawi linali ndi anthu pafupifupi 4 miliyoni. Pa kalembera wa 2018 anapezeka oposa 17.5 miliyoni, ndipo boma la Mangochi lokha linali ndi anthu 1,148,611. Anthu achuluka, koma nthaka ili momwemo. Midzi yambiri ya m'mbali mwa nyanja ili ndi madzi kutsogolo ndi phiri kumbuyo. Malo ena anatengedwa ndi mahotela ndi nyumba za alendo. Ndipo pa boma, ku Monkey Bay ndi m'madooko anthu ambiri akhala m'nyumba za lendi zopanikizana.

Madimba a kudambo ndi a m'mbali mwa mtsinje wa Shire alipo, inde, koma si onse ali nawo, ndipo ali ndi mavuto ake. Mvuu itha kumaliza usiku umodzi ntchito ya miyezi iwiri. Ng'ona zadya anthu otunga madzi. Wolowa m'madzi a bango tsiku ndi tsiku atenga likodzo. Kumbukiraninso chaka cha 2024. Mvula inadula pakati, chimanga chinapserera, ndipo m'mwezi wa Malichi boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi ya njala. Chaka chomwecho nyanja inakwera chifukwa cha mvula yambiri ya kumpoto, nimiza nyumba ndi madimba a m'mphepete. Kumtunda kunauma, kumunsi kunamira. Amene anali ndi ndiwo pafupi ndi khomo ndiye anali ndi chothyola.

KODI NSOMBA SIKWANIRA?

Ndidziwa kuti wina akunena kuti, "Ife ndife a kunyanja, ndiwo zathu ndi nsomba, masamba adye a kumtunda." Mawu amenewo anali ndi malo kale. Akuluakulu akumbukira m'mene chambo chinalili chochuluka m'nyanja ya Malombe m'zaka zoyamba za m'ma 1980. Pofika m'ma 1990 chinali chitatsala pang'ono kutha, ndipo ndicho chifukwa chake mu 1993 kunayambika makomiti a m'madooko oyang'anira usodzi. Lero nsomba yabwino imakwera galimoto kupita ku Limbe ndi ku Lilongwe, ndipo mwana wa msodzi atsala ndi nsima ndi mchere. Nthawi ya mwera mabwato akhala kumtunda masiku angapo. Kuyambira mu Novembala nyanja itsekedwa kuti chambo chiswane. Masiku amenewo banja lidya chiyani?

Ngakhale nsomba ikhalepo, thupi lifuna zina. A zaumoyo atiphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Usipa umanga thupi ndi kulimbitsa mafupa, koma masamba obiriwira ndiwo apatsa vitamini A wothandiza maso ndi kuteteza matenda, nathandizanso magazi a mayi woyembekezera. Kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka 5 m'dziko muno anali opinimbira, ndipo ku Mangochi chiwerengero chinali chokwera koposa pamenepo. Mwana wopinimbira savutika msinkhu wokha. Avutikanso kugwira za kusukulu. Boma lokhala ndi nyanja ziwiri siliyenera kukhala ndi mbiri yotere.

ZIMENE ACHITA ANZATHU

Vuto la kuchepa kwa malo si lathu lokha. Ku London, ku Mangalande, kuli chionetsero cha maluwa chotchuka pa dziko lonse, dzina lake Chelsea Flower Show, chimene chakhala chikuchitikira pa bwalo la Royal Hospital Chelsea kuyambira mu 1913. Kumeneko kunkatchuka madimba aakulu a anthu achuma. Koma eni chionetserocho anaona kuti anthu ambiri a mu mzinda akhala m'nyumba zosanjikizana, opanda ndi phazi limodzi lomwe la nthaka. Motero mu 2021 anatsegula mpikisano wa madimba a pakhonde ndi madimba a m'miphika. Wopikisana pa dimba la pakhonde apatsidwa malo a mamita 5 m'litali ndi mamita 2 m'lifupi basi, malo oti mungayalepo mphasa 5, ndipo aonetse chimene angachite nawo. Ndiponso mu 2019 bungwe la CAMFED, limene lithandiza atsikana kuphunzira ndipo ligwiranso ntchito m'dziko muno, linaonetsa pa chionetsero chomwecho kadimba ka mbewu za ku Zimbabwe, zodyedwa monga zathu zomwezi, ndipo kanapata mendulo ya golide. Azungu anaima pamzere kudzaona mbewu zimene ife tiziyesa wamba.

Ku Lesotho, dziko la mapiri ndi miyala, anthu amanga dimba lozungulira lofika m'chiuno, lokhala ndi dengu la zinyalala pakati, kuti okalamba ndi odwala alime osawerama. Ku Kibera, mu mzinda wa Nairobi ku Kenya, kumene nyumba zili zothithikana koposa pa dooko lililonse la kuno, mabanja ambiri anayamba kudzala ndiwo m'matumba cha m'ma 2008. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Tiyeni tione ngati kalumoka kangamete kwathu kuno.

DIMBA LA M'THUMBA

Mufuna thumba limodzi la makilogalamu 50, lotsuka bwino. Chitini chachikulu chochotsa chivindikiro ndi tako lomwe, kuti chikhale chobooka mbali zonse ziwiri. Miyala ing'onoing'ono yonga dzira la nkhuku. Dothi labwino ndi manyowa owola. Sakanizani ndowa 2 za dothi ndi ndowa imodzi ya manyowa. Ngati dothi lanu ndi la makande, onjezani mchenga pang'ono kuti madzi azilowa. Ngati kwanu kuli mchenga wokhawokha, monga m'midzi yambiri ya m'mphepete, katengeni dothi lakuda la pansi pa mtengo kapena la pa dzala lakale, ndipo muchulukitse manyowa, pakuti mchenga susunga madzi.

Pindani milomo ya thumba, muliimike pamalo pamene lidzakhale, chifukwa likadzaza silinyamulika msanga. Ikani chitini pakati, mudzaze miyala m'chitinimo, ndipo dothi mulithire mozungulira kunja kwa chitini. Mukatero kokani chitini m'mwamba pang'onopang'ono, miyala itsale pakati pa dothi. Bwerezani chomwecho mpaka thumba lidzale. Mudzapeza kuti pakati pa thumba pali mzati wa miyala kuchokera pansi kufika pamwamba. Umenewo ndiwo msewu wa madzi. Popanda miyalayo madzi anyowetsa pamwamba pokha, ndipo mbande za m'munsi zifa ndi ludzu. Khomani zikhomo 3 mozungulira kuti thumba lisagwe ndi mwera, mulithirire, ndi kulisiya masiku angapo kuti dothi likhazikike.

Tsono tengani mpeni muboole timabowo m'mbali mwa thumba, toti mungalowetse zala ziwiri. Bowo litalikirane ndi linzake chikhatho chotambasula, ndipo mabowo a mzere wapamwamba asalunjike pa a mzere wapansi, kuti masamba asaphimbane. Thumba limodzi litenga mbande 15 kapena 20 m'mbali. Mbandezo zikhale za masabata 3 kapena 4 pa nazale, ndipo muziwokere madzulo dzuwa litapepa. M'mbali muyenera mpiru, repu, chayinizi ndi kholowa. Pamwamba dzalani anyezi, tsabola wa kambuzi kapena phata limodzi la tomato.

Pothirira, thirani madzi pa miyala ya pakati ija. Thumba limodzi lifuna ngati malita 5 m'mawa, ndipo m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala mubwereze madzulo. Chotero ndowa imodzi ya malita 20 ikwanira matumba 4. Patapita masabata 3 kapena 4 chiwokere muyamba kuthyola. Thyolani masamba a m'munsi, awiri pa phata, musiye mtima kuti uphukenso. Matumba 4 oyamba nthawi zosiyana, limodzi sabata ino, lina patapita masabata 2, apatsa banja ndiwo kangapo pa sabata osadukiza. Dzuwa la kuno limadya thumba, ndipo silipitirira chaka. Likang'ambika khuthulani dothi, muonjeze manyowa, muyambenso m'thumba lina.

DIMBA LOZUNGULIRA

Amene ali ndi malo okulirapo pang'ono ayese dimba la ku Lesotho lija. Khomani chikhomo, mumangepo chingwe cha mita imodzi, mujambule bwalo pansi. Pakati lukani dengu la nsungwi kapena bango, lotakata ngati mkono umodzi, lalitali lofika pachifuwa. Mangani mpanda wa miyala kapena zidutswa za njerwa motsata bwalo lija kufika m'chiuno, koma musiye kanjira kolowa mpaka pa dengu, kuti munthu azifika pakati osaponda mbewu. Pansi ponyani zitini zakale, mapale ndi timitengo. Pamwamba pake udzu wouma, phulusa, manyowa ndi dothi, mosanjikiza, kufikira mutadzaza. Dothi likhale lokwera pa dengu ndi lotsetsereka kunka ku mpanda.

M'dengumo ndimo muzitaya makoko a mbatata, zotsala za ndiwo, mamba ndi matumbo a nsomba, ndi kuphimba ndi phulusa kapena udzu kuti ntchentche ndi agalu asabwere. Madzi otsukira mpunga ndi nsomba muzithira momwemo. Zinyalala zikamawola, madzi atenga chakudya kunka nacho ku mizu. Dimba lotere lifuna ntchito ya tsiku limodzi ya anthu angapo, koma likhala zaka, ndipo gogo alisamala ali chiimire. A ku Namwera ndi a m'mapiri a kwa Nankumba miyala muli nayo. Inu a ku Chembe ndi midzi yoyandikana ndi Lake Malawi National Park, musakatenge miyala kapena mitengo m'malo otetezedwa. Zidutswa za njerwa zikwanira.

Palinso nzeru ya mtsuko. Tengani mtsuko wadothi wowotcha, wosapaka kanthu, muukwirire mpaka m'khosi pakati pa bedi, muudzaze madzi ndi kuvindikira. Madzi atuluka pang'onopang'ono m'thupi la mtsuko, ndipo mizu iwatsata. Dzuwa silimwa madzi amenewo. Ndiponso musaiwale denga ndi mpanda: nkhwani ndi nyemba zoyanga zikwera pa mpanda wa bafa kapena pa khitchini popanda kulanda malo a pansi. Mtengo umodzi wa chammwamba pa ngodya ya bwalo upatsa masamba a ndiwo nthawi imene zina zauma, ndipo papaya mmodzi pafupi ndi potsukira mbale abala asanathe chaka ndi theka.

MBEWU ZOYENERA KUNO

Kwathu kuno ndi kotentha. Kabichi ndi repu zichita bwino m'miyezi yozizira, kuyambira Meyi kufika Ogasiti. Kukatentha zigwidwa nsabwe ndi kufota. Nthawi yotentha khulupirirani ndiwo za makolo: bonongwe, luni, chisoso, chitambe, denje, chidede ndi therere lobala. Izi zizolowera dzuwa, sizidwaladwala, ndipo mbewu yake musunga nokha osapita ku sitolo. Pa kholowa funsani alangizi za mbatata yofiira m'kati, monga Kadyaubwerere ndi Kaphulira, pakuti mupindula pawiri, masamba ndi mbatata yomwe ya vitamini A. Ndiwo zikachuluka futsani, muyanike pamthunzi, musunge mfutso m'chikwatu monga ankachitira amayi athu. Pophika thirani nsinjiro kapena mafuta pang'ono kuti thupi litenge vitamini A, ndipo musachulutse soda, pakuti aononga zina zabwino za m'masamba.

Maluwa nawonso ali ndi ntchito. Aitana njuchi, ndipo popanda njuchi maungu ndi nkhaka sizibala bwino. M'nthaka ya mchenga muli tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene titupitsa mizu ya tomato ndi therere. Maluwa achikasu aja a marigold athandiza kutichepetsa, ndiponso musadzale tomato m'dothi lomwelo kawiri motsatizana. Pakhomo pa maluwa mlendo adziwiratu kuti pali munthu wosamala.

Manyowa ali ponseponse kwa wofuna: zitosi za nkhuku, ndowe za mbuzi, masamba ogwa, phulusa. Namasupuni amene atseka madooko mu Shire ndi ku Malombe asanduka manyowa abwino. Muvuuleni, mumuyanike kumtunda mpaka aumiretu, kuti asabwererenso m'madzi. Manyowa osawola awotcha mbande, choncho dikirani ade ndi kuzizira.

ZOYENERA KUCHENJERA NAZO

Choyamba, madzi. Madzi osamba ndi otsukira ziwiya ndi abwino ngati sopo sanachuluke, koma athireni pa miyala kapena m'dengu, asakhudze masamba. Madzi ochapira matewera a mwana asafike pa ndiwo konse. Tonse tikumbukira kolera wa 2022 ndi 2023 ndi maliro amene anagwetsa m'boma lino. Ndiwo zitsukidwe ndi madzi abwino ndi kuphikidwa. Zitsime zina za m'mphepete zili ndi madzi amchere. Mukaona zoyera pamwamba pa dothi ndi masamba akupsa m'mbali, sinthani madzi.

Chachiwiri, udzudzu. Chitini kapena tayala lodzalamo mbewu libooledwe pansi, madzi asaime. Ndipo neti yogawidwa ku chipatala ndi ya pa mphasa ya mwana. Wotchingira dimba ndi neti yabwino wasinthanitsa moyo wa mwana ndi mpiru. Mpanda mangani wa bango, udzu kapena mapesi.

Chachitatu, mankhwala. Pa dimba laling'ono mbozi mutola ndi manja. Nsabwe za masamba muthana nazo ndi phulusa, kapena madzi a masamba a nimu osinja ndi kuviika usiku umodzi. Ena agwiritsa ntchito mthuthu, umene ena autcha ombwe. Upha tizilombo ndithu, koma uphanso nsomba, choncho otsala ake ndi ziwiya zake zisayandikire nyanja kapena mtsinje. Mankhwala a thonje kapena a fodya asapoperedwe pa ndiwo zimene ana adya mawa.

M'MENE TINGAONETSERE

Zionetsero zambiri zichitika tikakolola, nthawi yozizira. Ngati chanu chili mu Julayi, fesani nazale mu Meyi, pakuti kuyambira kufesa kufikira thumba litavala masamba papita ngati masabata 8. Thumba lodzaza ndi lolemera, choncho a kutali alinyamule pa ngolo kapena pa wilibala. Chabwino koposa ndi kumanga madimba achitsanzo pamalo pomwe padzakhale chionetsero, kaya pa sukulu, kaya pa ofesi ya zaulimi, ana a sukulu kapena a kalabu nawathirira mosinthana.

Kalabu iliyonse kapena mudzi uliwonse upatsidwe malo ofanana, mamita 5 kwa mamita 2, monga achita ku London. Pakhale lamulo lakuti zonse zogwiritsa ntchito zikhale zopezeka m'mudzi. Pambali pa thumba lobiriwira pakhale lina lodzaza theka, kuti anthu aone miyala ya pakati, ndipo mwini wake amange limodzi pamaso pa anthu, m'Chichewa ndi m'Chiyao momwe, kuti aliyense amve. Amene wabwera kudzaona apite ndi mbande zingapo kapena kambewu ka bonongwe m'pepala.

Oweruza asayang'ane kukongola kokha. Afunse kuti, muli mitundu ingati ya ndiwo m'malo amenewa? Lidya madzi ochuluka bwanji pa tsiku, ndipo achokera kuti? Mwini wake anataya ndalama zingati? Kodi asunga mbewu yake? Kodi angathe kuphunzitsa mnzake? Ndiponso, popeza munthu atha kubwereka dimba la tsiku limodzi, oweruza akayendere pakhomo osanena tsiku, kamodzi mu Julayi ndi kamodzi mu Okutobala. Dimba lililonse lioneka bwino nthawi yozizira. Lobiriwira mu Okutobala ndilo loyenera mphotho. Ndipo akapeza masamba onse ali athunthu, opanda pothyoledwa, adziwe kuti banjalo silikudya. Mphotho ikhale khasu, kheni yothirira kapena mbewu, zinthu zobwerera ku dimba komweko. Posankha tsiku pewani Lachisanu ndi Lamulungu, kuti Asilamu ndi Akhristu onse abwere.

MAWU KWA MAFUMU

Tsopano ndinena ndi inu eni mudzi, magulupu ndi anyakwawa. Ntchito iyi ili m'manja mwanu koposa m'manja mwa alangizi, pakuti mlangizi mmodzi ayendera midzi yambiri, koma inu mugona momwemo.

Yambani inu. Pakhomo pa mfumu pafika anthu tsiku lililonse ndi milandu ndi mauthenga a maliro. Akapeza matumba 4 a mpiru pambali pa bwalo, afunsa okha.

Konzani za mbuzi. Tikakolola ziweto zilekereredwa, ndipo mbuzi imodzi ithetsa thumba lonse munthu ali ku mjigo. Mayi amene mbuzi zamudyera kawiri sadzalanso kachitatu. Khalani pansi ndi eni ziweto ndi eni madimba, mupangane za mipanda, za makola ndi za chipepeso, mlandu usanagwe. Mbuzi yogona m'khola ipatsanso manyowa. Wakuba ndiwo za mnzake usiku aweruzidwe monga wakuba m'munda, ngakhale wathyola za m'thumba.

Yang'anani pa mjigo. Madzi otayika pamenepo asanduka chithaphwi cha udzudzu ndi nkhumba. Lolani komiti ya mjigo ikumbe ngalande yopita kumunsi, patali ndi chitsime, ndi kulima kadimba kumapeto kwake. Ndalama za ndiwozo zigule zipangizo mjigo ukawonongeka.

Kumbukirani amasiye, okalamba ndi odwala. Iwo ndiwo asowa ndiwo koposa, ndipo sangathe kututa miyala. Mutu umodzi susenza denga. Anyamata a m'mudzi atapatula tsiku limodzi pa mwezi, chaka chisanathe nyumba 12 zikhala ndi madimba ozungulira. Inunso abambo asodzi, musati iyi ndi ntchito ya amayi okha. Masiku a mwera, pamene bwato lili kumtunda, manja amene akoka khoka angathe kututa dothi ndi kumanga mpanda. Amayi ali kale ndi mtondo, nkhuni, madzi ndi ana.

Pogawa malo a m'mphepete kwa obwera ndi ndalama, ganizani za adzukulu anu, ndipo musatseke njira zimene anthu apitira kukatunga madzi kunyanja.

Koma musakakamize munthu. M'zaka za m'ma 1950 boma la atsamunda linaika malamulo a malimidwe, lokakamiza anthu kuunda mizere ndi akalozera, ndipo olephera ankalipitsidwa kapena kumangidwa. Kuteteza nthaka kunali kwabwino, koma chifukwa cha chikakamizo anthu anadana nako, nadananso ndi alangizi ndi mafumu amene ankathandiza boma. Chimene munthu wachita chifukwa cha mantha achisiya tsiku limene wolamula watembenuka. Chimene waona ndi maso ake kwa mnansi wake, nalawa, achichita yekha osatumidwa. Ntchito ya chionetsero ndi imeneyo.

Kadimba aka sikalowa m'malo mwa munda. Chimanga, mpunga, chinangwa ndi mapira zifunabe malo ake, ndipo nsomba tiyenera kuzisamalabe kuti zibwerere. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndiwo za pa msika zifuna ndalama, za kudambo zifuna kulimbana ndi mvuu, za pakhomo zifuna ndowa imodzi ya madzi ndi munthu wosaiwala kuthirira.

Tsono ndikupemphani ichi. Sabata ino nyumba iliyonse ipeze thumba limodzi, chitini chimodzi ndi miyala, ndipo fesani nazale pamthunzi. Mafumu, itanani mlangizi wa dera lanu, mupangane tsiku loti adzamange thumba loyamba pabwalo anthu akuona, ndipo muuze a komiti yokonza chionetsero kuti chaka chino mudzi wanu ufuna malo ake a mamita 5 kwa mamita 2.